Kadontho ka Che Amidu

Uthenga wa imfa ya Che Amidu unatipeza kuno ku Kawale iwo atagona kale m'manda. Asilamu sagoneka maliro, ndiye pamene mwana wawo Yusufu ankandiimbira foni, anthu anali atabwerako kale kumanda, ena atayamba kutsanzika. Ndinamufunsa ngati kunali anthu. Anati analipo ndithu a pamudzipo, koma ambiri ankanong'onezana kufunsana kuti malemuwo anali ndani wa ndani.

Munthu woti akanamwalirira kuno, msewu wa kumsika ukanatsekedwa ndi masamba, maminibasi n'kumazungulira kwina, anakwiriridwa ndi anthu osadziwa ngakhale kasekedwe kake. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindibisa. Ine ntchito yanga ndi yotaipa zolemba za eni: makadi a ukwati, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro. Pulogalamu ya maliro a Che Amidu palibe amene anandibweretsera, ndiye ndaganiza zongoilemba ndekha, ngakhale italike kuposa mmene mapulogalamu amakhalira.

Shopu yanga ndi yawo zinali chipinda chimodzi. Lanilodi wathu, munthu woti akanatha akanachititsa lendi ngakhale mthunzi wa nyumba yake, anadula chipindacho pakati ndi pulayiwudi. Kutsogolo aliyense anali ndi khomo lake loyang'ana kumsewu, koma kumbuyo tonse tinkatulukira m'kanjira kamodzi komwe kunali mpopi. Pulayiwudiyo inali yopyapyala moti iwo akayetsemula, ine ndinkayankha kuti pepani. Ankanditchula kuti Make Chisomo, dzina la mwana wanga woyamba.

Anali aafupi, oonda, a ndevu zoyera zodulidwa bwino. Chisoti cha Chisilamu sichinkachoka pamutu, ndipo mwendo umodzi wa magalasi awo unali waya wa wailesi. Anachokera mbali za ku Mangochi akadali mnyamata, n'kuphunzira kukonza mawailesi pakhonde la Mmwenye wina ku Old Town. Mawailesi atatchipa moti munthu ankangotaya n'kugula ina, anasamukira ku ma TV ndi madeki a vidiyo. Madeki nawo atayamba kutha, kunabwera makompyuta. Anzawo a msinkhu wawo anagonjera pomwepo, ena n'kubwerera kumudzi, ena kukayamba ulonda. Iwo anagula kompyuta yakufa, n'kuiphwasula, n'kukhala nayo mwakachetechete ngati munthu wodwazika matenda, mpaka inayaka.

Makompyuta omwe ankafika m'makomboni muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali a kaunjika, otopa kale kumayiko ozizira komwe anachokera. Kufika kuno n'kukumana ndi fumbi la Kawale komanso dzuwa la Okutobala. Fani inkayamba kulira ngati chigayo, kenako uli pakati pa kalata ya mwini, zonse n'kungoti zii. Za mavairasi Che Amidu sankadzivutitsa nazo, ankatumiza kwa anyamata a m'tauni. Iwo ntchito yawo inali ya kutentha. Munthu akabwera nayo kompyuta pamutu kapena pa njinga, asanamufunse kanthu ankaiyatsa, n'kuika kuseri kwa dzanja pa chitsulo chake monga amachitira mayi pamphumi pa mwana.

Mkati mwa kompyuta muli kachitsulo kakang'ono kotchedwa pulosesa. Ndi kamene kamaganiza, ndipo kakamaganiza kamatentha koti n'kukuwotcha chala. Pamwamba pake pamakhala chitsulo china chachikulu, cha mano ngati chipeso, chomwe amati hitisinki. Ntchito yake n'kulanda kutenthako n'kukupereka kwa fani kuti ikuuluze. Zitsulo ziwirizi ukaziona zimaoneka zosalala, koma Che Amidu ankati diso limanama. Zili ndi timaenje tosaoneka, ndipo ukazigundanitsa zouma, m'timaenjemo mumatsala mpweya, ndiye kutentha sikudutsa. N'chifukwa chake pakati pake pamafunika pesiti, mafuta oyera olimba ngati phala, obwera m'kajakisoni kopanda singano. Ankaitanitsa kwa amayi ena opita ku Joni kukapikula katundu, ndipo kajakisoniko ankakasunga m'thumba la pamtima, osati m'dilowa.

Kupaka kwake kunali ndi mwambo. Ankayamba asamba m'manja. Kenako ankapukuta pesiti yakale youma ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti mpaka pulosesa iwale. Akatero ankafinya kadontho kamodzi pakatikati, kukula kwake ngati kanjere ka mpunga, n'kutsitsa hitisinki molunjika, osaipendeketsa. Ukaitsitsa suinyamulanso kuti usuzumire. Ukangotero mpweya walowa, pukuta, yambiranso. Pomanga ankamanga ngodya iyi pang'ono, kenako yopingasana nayo, kuti kadontho kaja kafalikire kokha.

Vuto lathu anthu a kuno ndi loti tinazolowera kumsika. Munthu akagula tomato amati ikaniponi wa basela. Ndiye kasitomala akaona kadontho kakang'onong'ono kaja, mtima unkamupweteka.

"Aaa, Che Amidu, chikompyuta chonsechi kameneko basi? Onjezani pang'ono, ya basela."

Apo ndiye ankavula magalasi. Ankati pesiti si majarini ndipo pulosesa si buledi. Ankati pesiti ndi nkhoswe. Ntchito yake n'kukhala pakati pa awiri kuti moto wa mmodzi upite kwa mnzake wina asanapse, koma nkhoswe ikasamukira m'nyumbamo ndi mphasa yake, awiriwo sakhudzananso, banja latha. Kasitomala akaumirira, ankamubwezera kompyuta yake ili yotsegula, zomangira zili m'kapepala, n'kumulozera njira ya ku Biwi.

Ku Biwiko kunali mdani wawo, mnyamata wina wokonza makompyuta yemwe m'malo mwa pesiti ankapaka mankhwala otsukira mano, ndipo ankapaka mosaumira. Makasitomala ankamukonda chifukwa ankaona ndi maso kuti sanawabere. Kompyuta inkayenda bwino masiku ochepa ikununkhira ngati m'kamwa mwa munthu wopita kokafunsira mbeta, kenako mankhwalawo n'kuuma ngati laimu. Tsiku lina Che Amidu anayenda pansi mpaka ku Biwi atakulunga pulosesa yopsa m'kampango, n'kukaiika patebulo la mnyamatayo. Anabwerako ali wefuwefu, n'kundiuza kuti anakapereka maliro kwa mwini wake.

Ankakonda kunditosa. Ankati ndimataipa ngati ndikusinja, ndipo tsiku lina makiyi a kompyuta adzandisumira. Ine ndinkati iwo amakonda makompyuta kuposa anthu. Sankakana. Ankati kompyuta ikapsa mtima imazima yokha, pomwe munthu akapsa mtima ndi pamene amayamba kuyankhula.

Panali mawu amodzi okha amene ankawathera nthabwala, mawu oti kumudzi. Kwawo amuna amakwatira chikamwini. Zonse zimene anapeza ndi mawailesi anamangira nyumba ya malata kwa akazi awo. Akaziwo atamwalira, abale a mkazi anawasudzula mwaulemu wonse monga mwambo unenera, nyumba n'kutsala ya mbumba ya kumeneko. Kwawo kwenikweni, kwa amayi awo, anachokako ali mnyamata. Alongo awo onse anali atamwalira, kunangotsala mwana wa mlongo wawo wina, mayi yemwe anangowaonapo pamaliro. Ana awo ena anatha ndi matenda aja anatha anthu zaka zimenezo. Anatsala Yusufu yekha, telala wa ku Nsungwi, wokhala m'nyumba ya lendi yomwe ana ankagona pabalaza, mashini osokera ali kumutu.

Yusufu sanali mwana woipa. Anangowauza zoona, kuti tsiku limene adzalephere kudzisunga okha, iye alibe powagoneka, adzawaperekeza kwa mwana wa mlongo wawo uja. Anapangana kuti malinga dzanja likugwira ntchito, nkhani ya kumudzi isatchulidwe. Tsiku lina magetsi atazima, tonse tili chikhalire aliyense mbali yake, ndinamva mawu awo kudzera pa pulayiwudi.

"Make Chisomo, kumeneko ine ndikakhala ndani? Kulibe magetsi. Kulibe wondidziwa. Ndikakhala mlendo wodikira imfa pakhonde la eni."

Ndinayankha zija timayankha tonse, zoti Mulungu ndi amene amadziwa.

Chaka china anayamba kuyenda ndi tasibihi, mikanda ija Asilamu amawerengera popemphera. Kale ankaitulutsa Lachisanu lokha. Tsopano inali m'dzanja lamanja kuyambira m'mawa, chala chachikulu chikugudubuza mkanda osapuma. Anthu ankatama kuti mdala uja wayandikira kwa Mulungu. Ine ndinaona zina. Tiyi amene ndinkawagawira anayamba kunena kuti ndisamadzadze kapu. Kenako anayamba kumwa atayang'ana kukhoma. Kenako anati tiyi asiya, akuwapweteketsa m'mimba. Anapachikanso katani pakhomo, n'kumauza makasitomala kuti asiye kompyuta abwere mawa, ati kompyuta ili ngati munthu, sivula pagulu.

Ndinadziwa zoona zake Okutobala wina. Kompyuta yanga inayamba kuzima yokha ndili ndi makadi a ukwati wa Loweruka lomwelo. Ndinainyamula n'kuzungulira kumbuyo, n'kukankha chitseko chawo ndi phazi osaodira. Ndinawapeza ataweramira kompyuta ya munthu wina. Tasibihi inali patebulo. Dzanja lamanja anali atalipanikiza ndi lamanzere, koma linkagwedezekabe, n'kumagwedeza ndi lamanzere lomwe. Pesiti inali ponseponse, pa bolodi pomwe pamakhala pulosesa, pamawaya, mpaka m'ndevu. Kumaso kunali konyowa, sindinathe kusiyanitsa thukuta ndi misozi.

"Tsekani chitseko," anatero.

Ndinatseka. Anandiuza kuti kuchipatala anapitako. Anawauza kuti ndi matenda a misempha, sapola, amangokula, ndipo mankhwala ochepetsako kunjenjemera amapezeka mwa apo ndi apo. Mikanda ija inali yobisira chala chomwe chinkayenda chokha.

"Make Chisomo, ndagwira mwendo wanu. Yusufu asamve. Munthu aliyense asamve, ngakhale bambo a Chisomo."

Amuna anga ndi dalaivala wa minibasi, ndipo pakamwa pawo ndi pa depoti, chilichonse chimalowa n'kutuluka. Che Amidu ankadziwa zimenezo. Ndinalumbira. Kenako anandiyang'ana manja kwa nthawi yaitali.

"Zala zanu zosinjazo n'zokhazikika. Ndibwerekeni."

Umu ndi mmene tinayambira. Iwo ankamvetsera fani, kupeza vuto, kutsegula, kupemerera fumbi. Ikafika nthawi ya kadontho, ankagogoda pa pulayiwudi ndi chogwirira cha sikuludilaiva. Ine ndinkasiya zotaipa, kuzungulira kumbuyo, kusamba m'manja pampopi, n'kulowa. Ankaima kumbuyo kwa phewa langa, manja atawapinda m'khwapa.

"Finyani. Pang'onopang'ono. Finyani... Basi!"

Basi ameneyo ankatuluka ngati mkwapulo, chala changa n'kuima chokha. Sindinaphunzire kuyeza ndi diso, chifukwa panalibe chifukwa, diso linali lawo. Ndikatsitsa hitisinki ankagwira mpweya mpaka itakhazikika. Kompyuta ikayaka, fani ikulira motsitsa, ankaika kuseri kwa dzanja pa chitsulo n'kumwetulira ngati apaka okha. Mawa lake mwini kompyuta ankabwera n'kuwayamikira kuti manja a kale ndi ena. Ine ndinkamva ndili mbali yanga, n'kumangoseka chamumtima. Tinapitirira choncho mpaka dzuwa la chaka chotsatira.

Koma m'kanjira ka kumbuyo kaja munali mayi wina wogulitsa makala, wa maso osaphethira. Ankaona mkazi wa mwini, wa kwaya ya kutchalitchi, akulowa kwa mdala wa Chisilamu, chitseko n'kutsekedwa, kutsogolo katani atagwetsa. Pakapita kanthawi mkaziyo n'kutuluka akupukuta m'manja, mdala atanyowa thukuta. Anayamba kuuza anthu kuti utsi sufuka popanda moto. Ku Kawale nkhani siyenda pansi, imakwera minibasi, ndiye sinachedwe kukwera ya amuna anga.

"Umakatani kuseri kwa katani kuja?" anandifunsa.

"Ntchito."

"Ntchito yanji yotsekera chitseko? Iwe ndi wotaipa. Mdala uja amataipitsa chiyani tsiku ndi tsiku?"

Ndinasunga lumbiro langa. Anasiya kudya chakudya changa. Kenako anatumiza mawu kwa ankhoswe.

Sindiwapaka mafuta Che Amidu chifukwa choti anamwalira. Masabata amenewo anandilakwira. Ndinapita kukawauza maso ndi maso.

"Abambo, ndimasuleni. Banja langa likutha."

"Mvula igwe kaye, mwana wanga. Ikagwa makompyuta amazizira okha, simudzalowanso muno. Anthu aiwala."

"Anthu a ku Kawale kuiwala? Mwana wanga akutukwanidwa kusukulu chifukwa cha inu!"

"Mvula ili pafupi. Taonani mitambo."

Kunalibe mtambo. Kumwamba kunali mbee, malata akulira ndi kutentha. Ndiye munthu wa ndevu zoyera uja, woti n'kukhala bambo anga, anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kugwada pansi pamaso panga. Ndinakwiya kwambiri kuposa mmene ndikanakwiyira akanandilalatira. Ndinawauza kuti lumbiro langa ndisunga, koma m'chipinda mwawo sindidzapondamonso. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Masiku otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. Ankagogoda pa pulayiwudi, ine n'kumataipa mwamphamvu kuti ndisamve. Ankadikira kanthawi n'kugogodanso, motsitsa. Kenako ndinkamva chitsulo chikugwa pansi, iwo akuchifufuza, chikugwanso. Makompyuta a anthu anaunjikana. Mwini intaneti kafe ya pafupi ndi siteji, yemwe anali kasitomala wawo wamkulu, anabwera kudzakalipa pakhomo kuti makina ake akhalitsa. Ndinkamva iwo akumuyankha mwaulemu kuti pesiti yachedwa ku Joni, pomwe kajakisoni kanali m'thumba la pamtima. Iwo ankandimva ndikulira mbali yanga, ine ndinkawamva akupemphera mbali yawo, ndipo panalibe wothandiza mnzake.

Ankhoswe anabwera Loweruka m'mawa. Kunali amalume anga, achimwene awo a amuna anga, ndi amuna angawo. Anaitanitsanso Yusufu kuchokera ku Nsungwi, poti mlandu wa munthu wamkulu sukambidwa popanda wachibale wake. Yusufu anafika tepi yoyezera ili m'khosi, nkhope itagwa ndi manyazi. Anthu a mashopu oyandikana anayamba kupeza zochita pafupi ndi khomolo. Mayi wa makala anasiya makala ake.

Amalume anayamba mwaulemu, mozungulira monga achitira akuluakulu. Anati sanabwere kudzaimba munthu mlandu, koma kudzamva kuti mwana wawo amakatani kuseri kwa katani. Che Amidu anamvetsera mpaka kumapeto, tasibihi ikuyenda m'dzanja. Anandiyang'ana kamodzi. Kenako anaimirira, n'kukoka katani uja mpaka msomali unazuka, dzuwa n'kulowa m'chipinda chonse.

"Yusufu, bwera uime apa. Uone bwino."

Anaika tasibihi patebulo. Dzanja lija litasowa chogwira, linayamba kuvina poyera. Chala chachikulu chinkagudubuzabe mkanda womwe panalibe. Anasendeza kompyuta ina yotsegula kale, n'kutulutsa kajakisoni m'thumba. Kuchotsa kachitsekerero kokha kunali nkhondo. Analoza pa pulosesa, nsonga ikumenya chitsulo kuti ke-ke-ke, n'kufinya. Pesiti inatuluka ngati nyongolotsi, kudutsa pa pulosesa, pa bolodi, mpaka patebulo. Ananyamula hitisinki ndi manja awiri. Inagunda m'mbali, n'kupendekeka, n'kuwapulumuka. Anaitola n'kuyesanso. Inagwanso. Anayesa kachitatu, mano atalumana, ngati mwina Mulungu angawachitire chifundo anthu akuona. Inagwa pansi n'kugubuduka mpaka pamapazi pa amuna anga.

Che Amidu anatsamira patebulo ndi chikhatho chodzaza pesiti, akupuma movutikira.

"Make Chisomo, bwerani mumalize, monga mwa masiku onse."

Ndinasamba m'manja pampopi. Ndinapukuta zonse ndi sipiriti mpaka pulosesa inawala. Iwo anaima kumbuyo kwa phewa langa.

"Finyani... Basi."

Sanakuwe tsiku limenelo. Ndinatsitsa hitisinki, ndinamanga mopingasa, tinayatsa. Fani inalira bwinobwino.

"Ntchito yake ndi imeneyo," anatero akuyang'ana amalume. "Mwana wanuyu anandibwereka manja. Ndinamulumbiritsa ndine kuti asanene. Mlandu ndi wanga."

Amalume anavula chipewa. Amuna anga ankangoyang'ana pansi pomwe panagwera hitisinki paja. Yusufu anatola tasibihi n'kuiika m'dzanja la bambo ake, n'kulifumbatitsa ndi manja ake awiri.

"Baba, zayamba liti?"

"Kale."

"Bwanji osandiuza?"

"Ukanatani, mwana wanga? Ukanandigoneka pati?"



Banja langa linapulumuka m'mawa umenewo. Che Amidu anadziwa mtengo wake asanakoke katani uja. Ndinawauza kuti tipitirize poyera, chitseko chili chotsegula, ndipo amuna anga omwe anavomera. Koma ndani angapereke kompyuta yake kwa munthu amene Kawale yense wamuona akugwetsa chitsulo? Dzuwa lisanapendeke, mwini intaneti kafe uja anabwera ndi wilibala, n'kutenga makina ake onse kupita nawo ku Biwi, kwa mnyamata wa mankhwala otsukira mano. Ena anatsatira mmodzimmodzi, aliyense ndi mawu okoma opepesa. Anthu omwe aja ankatama tasibihi anayamba kudutsa patali, ena akuti mdala uja anachita kulodzedwa. Che Amidu ankabwerabe m'mawa uliwonse, kusesa, kukhala pampando kuyang'ana kumsewu. Tiyi anayambanso kumwa, akutayikira pamalaya, osabisanso.

Yusufu anayesetsa. Anawatenga kukakhala nawo ku Nsungwi, koma patapita masiku ochepa iwo eni anati pangano ndi pangano, sangagone pabalaza kulanda malo a zidzukulu. Mvula ija ankandipempha kuti tidikire inagwa m'mawa wa tsiku lomwe ankanyamuka. Amuna anga anawatenga pa minibasi yawo mpaka kudepoti, atawakhazika kutsogolo, osakweza munthu wina aliyense panjira. Chikwama chawo chinali chimodzi. Basi isananyamuke anatulutsa dzanja pawindo, likugwedezeka, n'kundipatsa kajakisoni kaja.

"Musamaike ya basela," anatero.

Ndinayankhula nawo kamodzi kokha ali kumudziko, pa foni ya mwana wa mlongo wawo. Mawu anali atachepa, ndinkachita kutseka khutu linali kuti ndimve. Ndinawafunsa ngati akuwasunga bwino. Anati inde, chakudya akuwapatsa, pakhonde pali mthunzi. Anati ana ena anawabweretsera tochi yakufa, koma vuto linali mabatire oikidwa chozondoka, ndiye ntchito inatha isanayambe. Kenako anafunsa ngati ndapemerera fumbi m'kompyuta yanga. Sanathe zaka ziwiri kumeneko.

Chipinda chawo chilipobe. Lanilodi anayesa kuchititsa lendi kwa wogulitsa machaja a foni, kenako kwa wometa, koma onse sanakhalitse, ati n'chopanikiza. Pano khomo la kutsogolo ndi lokhoma, ndipo kiyi wa chitseko cha kumbuyo ali kwa ine. Mulibe kanthu. Pakhomo pali bowo pomwe panazuka msomali wa katani. Pa pulayiwudi, pafupi ndi pomwe pankakhala mpando, pali timaenje tambirimbiri tosiyidwa ndi sikuludilaiva yogogodera ija. Tebulo silinachoke chifukwa analikhomerera kukhoma. Pamenepo pali chidindo cha chikhatho chomwe anatsamira Loweruka lija. Pesiti ija sichoka ndi madzi, ndiye fumbi la Kawale lakhala likumatirira pang'onopang'ono mpaka chikhathocho chafiira. Zala zake sizioneka bwino, zinachita kukwekwereka uku ndi uku, chifukwa dzanjalo silinakhazikike ngakhale potsamira.

Sabata yomwe Yusufu anaimba foni, kunja kukutentha ngati kale, kompyuta yanga inazima ili pakati pa kalata ya mwini. Ndinainyamula n'kuzungulira kumbuyo, chifukwa patebulo pawo m'pomwe pamawala bwino. Ndinasamba m'manja pampopi. Ndinapukuta pulosesa mpaka inawala, ndinatulutsa kajakisoni kaja, n'kuyamba kufinya pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo kwa phewa langa. Ndinafinya, ndinafinya. Pamene ndinkazindikira kuti palibe woti anene kuti basi, pesiti inali itasefukira mbali zonse.